MPENI WA KU NÄÄS: M'MENE NCHITO YA MITENGO INALOWERA M'SUKULU

M'masukulu ambiri a kumidzi muli ora limodzi kapena awiri pa sabata amene analembedwa pa ndandanda ya maphunziro kuti ndi a nchito ya manja, koma kawirikawiri nthawi imeneyi ithera pa kusesa bwalo, kulambula mseu, kapena kumweta udzu wofolera nyumba ya mphunzitsi. Mphunzitsi akafunsidwa cifukwa cace ana ace sasema kanthu, yankho lace lidziwika kale: palibe benchi, palibe puleni, palibe sowo, ndipo bokosi la zipangizo limene analonjezedwa silinafike. Yankho limeneli si labodza ai. Komabe pansi pace pagona ganizo lakuti munthu sakhoza kuyamba nchito ya mitengo kufikira atakhala ndi zida zonse za kalipentala, ndipo ganizo limeneli ndilo liyenera kuyesedwa. Funso lakuti woyamba kumene agwire cida citi, ndi kuti apange ciani naco, si latsopano. Linakanganitsa aphunzitsi a ku Ulaya ndi a ku America zaka zoposa 30, kuyambira ca m'ma 1870, ndipo munthu amene analiyankha momveka koposa anzace sanali mmisiri konse. Anali mnyamata wa ku Sweden, dzina lace Otto Salomon.

Dziko la Sweden liri kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, kumene cisanu cikhala miyezi yambiri, nthaka iuma gwa, ndipo pakati pa nyengoyo dzuwa lioneka maora owerengeka okha pa tsiku. Mlimi wa kumeneko sakhoza kulowa m'munda nthawi yonseyo. Cifukwa cace kuyambira kale lomwe banja lonse linali kusonkhana pamoto madzulo ataliwo, akazi ali kupota ubweya ndi kuomba nsalu, amuna ndi anyamata ali kusema zipande, mbale, mipini ya nkhwangwa, mano a zokokera udzu, ndi ziwiya zina za pakhomo. Nchito yotere anaichula slöjd, dzina locokera ku liu lakale lonena za munthu wa manja aluso. Mnyamata analibe mphunzitsi. Anali kungoyang'ana atate ace, nalandira mpeni wace ali wamng'ono, nadziceka zala kangapo, kufikira dzanja litazolowera. Yense amene anakulira m'mudzi wa kuno, naona mkulu atakhala patsinde pa mtengo ali kusema mthiko kapena mpini ndi kasemasema, ana atamzinga, adzazindikira msanga mtundu wa sukulu imeneyo.

Pakati pa zaka za m'ma 1800 zinthu zinasintha. Mafakitale anayamba kutulutsa ziwiya zotsika mtengo, njanji zinazifikitsa kumidzi, ndipo anyamata anayamba kucoka kunka ku makina oceka matabwa ndi kumizinda kukafuna ndalama. Njala ya m'zaka za 1867 mpaka 1869 inathamangitsira anthu ambirimbiri ku America. Akulu a dziko anaona kuti luso la pakhomo liri kufa, nadandaula kuti madzulo amene kale anali a kusema tsopano ali kuthera ku mowa ndi ulesi. Tsono mabungwe a alimi a m'zigawo, pamodzi ndi anthu ena acifundo, anatsegula timasukulu ta slöjd, nalemba amisiri kuti aphunzitse ana kupanga zinthu za malonda. Colinga cao cinali ca ndalama, kuti wosauka apeze kobiri la mcere m'nyengo yopanda ulimi. Koma pamenepa panali msampha. Mmisiri afuna katundu wogulitsika, ndipo njira yofulumira yopezera katundu ndiyo kupatsa mwana mmodzi kuceka tsiku lonse, wina kupala, wina kukhoma, mbali yobvuta naicita mwini yekha. Mipando ituluka ndithu m'nyumba yotere, koma osapezeka mwana mmodzi wodziwa kupanga mpando.

August Abrahamson anali wamalonda wolemera wa m'mzinda wa Gothenburg, wa mtundu wa Ayuda. M'caka ca 1868 anagula munda waukulu wochedwa Nääs, m'mphepete mwa nyanja yaing'ono, mtunda wa makilomita ngati 30 kucokera mumzindawo. Caka cotsatira mkazi wace anamwalira, ndipo kuyambira pamenepo anapereka mtima wace ndi cuma cace ku nchito yothandiza anthu a m'dera lija. Womthandiza wace anali mwana wa mlongo wace, Otto Salomon, wobadwa m'caka ca 1849. Ndipo Acewa sadzadabwa kumva kuti mnyamata anaimikidwa ndi mtsibweni wace. Awiriwa anatsegula sukulu ya slöjd ya anyamata m'caka ca 1872, ya atsikana m'caka ca 1874, ndi ya aphunzitsi a slöjd m'caka ca 1875. Poyamba sukulu yao sinasiyane kwenikweni ndi zinzace. Anyamata anali kutha mbali yaikulu ya tsiku pa ukalipentala, kusula zitsulo, kuluka madengu, kusoka zikopa ndi zina zotere, ndipo aja ofuna uphunzitsi anali anthu a nchito za manja amene anayembekezeka kukaphunzitsa zomwezo kumidzi.

Kutembenuka kunadza m'caka ca 1877, pamene Salomon anaoloka nyanja kunka ku Finland kukaonana ndi Uno Cygnaeus. Mkuluyu anali mbusa wa mpingo wa Lutheran, amene pa unyamata wace anatumikira zaka 5 ku Sitka, m'dziko la Alaska, limene nthawi imeneyo linali m'manja mwa Russia. Atabwerako anadzipereka kuphunzira maganizo a Pestalozzi ndi Froebel, maina amene mphunzitsi aliyense anawamva ku koleji, napatsidwa udindo wokonza masukulu a anthu wamba a dziko lace. Anatsegula koleji ya aphunzitsi ku Jyväskylä m'caka ca 1863, ndipo ndi lamulo la 1866 Finland inakhala dziko loyamba kuika nchito ya manja pakati pa maphunziro a sukulu za Boma. Cygnaeus anali kunena kuti sukulu ya ana si malo opangira amisiri. Nchito ya manja iyenera kukhalamo pa cifukwa comweco cimene masamu akhaliramo, ndico kukulitsa munthu. Ndipo woiphunzitsa akhale mphunzitsi yemweyo wa kuwerenga ndi kulemba, amene adziwa mtima wa mwana.

Salomon anabwerera ku Nääs nayamba kusadza. Anacotsa kusula, kuluka ndi zina zonse, natsala ndi mtengo wokha, pakuti anaona kuti nchito ya mtengo ndi yaukhondo, ilimbitsa thupi lonse, ikhoza kuyesedwa ndi rula, ndiponso ikhoza kuikidwa m'masitepe kuyambira copepuka kufikira cobvuta. Pofika caka ca 1882 analeka kusandutsa amisiri kukhala aphunzitsi, nayamba kuitana aphunzitsi a satifiketi, amene anali kale ndi makalasi ao, kuti adzaphunzire kusema kwa milungu yowerengeka.

Cinthu cimene cinadabwitsa alendo ofika ku Nääs ndico cakuti wophunzira aliyense, ngakhale mphunzitsi wa imvi, anali kuyamba ndi mpeni. Sunali mpeni wopinda wa m'thumba, umene ukhoza kutsekera zala za mwini wace, koma wa citsulo cacifupi, cokhuthala ndi cosongoka, ndi cigwiriro ca mtengo codzaza m'dzanja. Akalipentala anaunyoza, pakuti m'nyumba yao ya nchito mpeni ulibe malo. Cida cao ndi chizulo. Koma Salomon anali ndi zifukwa zace. Mpeni ndico cida cimene mwana acidziwa asanaponde pakhomo pa sukulu, ndipo lamulo la kuphunzitsa konse ndilo kucokera ku codziwika kunka ku cosadziwika. Ndiponso mpeni pa wokha ukhoza kutsiriza cinthu cathunthu, pamene sowo ingoceka, puleni ingosalaza, ndipo ciriconse ca izo cidikira cinzace. Palinso cifukwa cina cimene yense wogwirapo zida ziwirizi adzacibvomereza. Puleni iri ndi thupi lace limene liletsa citsulo kulowa mopitirira, kotero kuti mbali ina ya kuganiza inacitidwa kale ndi amene anaipanga. Mpeni ulibe cotere: kuya kwa kudula kulikonse kucokera m'dzanja ndi m'diso la wougwira. Akatsata mitsempha ya mtengo, mpeni uyenda mofewa nusiya posalala. Akalimbana nayo, mtengo ung'ambika pomwepo, ndipo mphunzitsi alibe cifukwa ca kunena kanthu, pakuti mtengo wanena kale. Mwana wogwira mpeni wakuthwa sakhoza kuyang'ana kumbali kapena kuceza ndi mnzace. Ndipo kuthwa kumeneku sikunali kwa masewera: zida za ku Nääs zinali zenizeni, zonoledwa bwino, pakuti mpeni wobuntha ndiwo upweteka munthu, cifukwa ufuna mphamvu yambiri ndipo uterereka posayembekezeka. Pa cifukwa comweco ana aang'ono sanali kuloledwa. Nchitoyi inali kuyamba pa zaka 10 kapena 11.

Atasankha cida coyamba, Salomon anacita nchito ya cipiriro imene yakhala maziko a maphunziro a nchito ya manja kufikira lero. Anapatula nchito yonse ya mtengo m'zocita zace zing'onozing'ono, monga kudula motsata mitsempha, kudula mopingasa, kuceka, kupala mbali yotambalala, kupala m'mphepete, kuboola, kukumba mkati, kukhoma ndi kulumikiza, napeza zocita 88. Pamenepo anasankha zinthu za pakhomo, naziika m'ndandanda kotero kuti cinthu ciriconse cibwereza zocita zimene mwana wazidziwa kale, niciwonjezapo catsopano cimodzi kapena ziwiri zokha. Poyamba zitsanzo zimenezi zinali 100, koma pambuyo pace anazicepetsa kufika 50. Coyamba cinali kamtengo kosongoka kolozera zilembo, kosemedwa ndi mpeni wokha. Kotsatira kunali timitengo tocirikiza maluwa, cogwirira nsonga ya peni, ndi zina zazing'ono. Kenaka cipande, cotapira ufa, mpini wa hamala, thabwa lodulirapo ndiwo. Ndipo ca kumapeto bokosi la mano olumikizana, kampando, ndowa ya matabwa ndi tebulo laling'ono. Sowo, puleni, coboolera ndi chizulo zinali kulowa cimodzi cimodzi, pamene cinthu cofuna kupangidwa cinaziitana. Zinthu za mbali zoongoka, zimene ziyesedwa ndi rula ndi sikweya, anazisinthanitsa dala ndi zinthu zokhota monga cipande, zimene palibe rula ikhoza kuziyesa, koma diso ndi cala cokha.

Malamulo a zitsanzozo anali olimba. Cinthu ciriconse ciyenera kukhala ca nchito pakhomo pa mwanayo, osati cidole kapena cokometsera cabe. Cisapakidwe utoto, pakuti utoto ubisa zolakwa. Cikhale caching'ono kuti mwana acitsirize mtima usanagwe. Ndipo cikatha cikhale cace, apite naco kwa amai ace. Ndandanda ya sukulu za kumidzi inasiyana ndi ya m'mizinda, ndipo alendo a maiko ena anali kucenjezedwa kuti asanyamule zitsanzo za ku Sweden monga ziri, koma akapange ndandanda yao ya zinthu zimene anthu a kwao agwiritsa nchito.

Lamulo lobvuta koposa onse linali la mphunzitsi mwini: asakhudze nchito ya mwana. Akafuna kuonetsa kagwiridwe ka cida atenge kamtengo kena, aonetserepo, nabwezere mwana nchito yace. Mphunzitsi aliyense adziwa m'mene zala ziyabwira poona mwana ali kupotoza cinthu cimene iye akadaciongola ndi kudula kuwiri kokha, makamaka Woyendera Masukulu ali pafupi kufika. Koma Salomon anaona kuti cipande cokonzedwa ndi mphunzitsi ciphunzitsa mwana zinthu ziwiri zoipa, kudalira wina ndi kulandira ciyamiko pa nchito imene si yace. Cifukwa cace analetsanso kugawana nchito, nafuna kuti mwana aliyense aphunzitsidwe payekha ndi kuyenda pa liwiro lace, wofulumira osadikira wocedwa. Cinthu cikalakwika muyeso cinali kupangidwanso. Colinga ca zonsezi sicinali cipande ai, koma kuti mwana akonde nchito, alemekeze anthu a thukuta, azolowere kucita zinthu molongosoka ndi moona, ndi kuti adzidalire.

Njira ya ku Nääs inali ndi opikisana nayo, ndipo wamkulu wa iwo anacokera ku Russia. M'caka ca 1868 Victor Della Vos, mkulu wa Imperial Technical School ya ku Moscow, anakonza njira yophunzitsira anyamata ofuna uinjiniya. Iyenso anapatula nchito m'zocita zace, koma wophunzira wace sanali kupanga cinthu ca nchito. Anali kutenga tizidutswa tiwiri ta thabwa, natilumikiza mwa mtundu wina wa mfundo, naciika pambali, natenga tina. Zitsanzo zace zinaonetsedwa pa cionetsero cacikulu ca ku Philadelphia m'caka ca 1876, kumene John Runkle, mkulu wa Massachusetts Institute of Technology, anaziona nakondwera nazo. Ndipo sukulu ya Calvin Woodward imene inatsegulidwa ku St. Louis m'caka ca 1880 inatsata njira yomweyo. Kwa mnyamata wamkulu wodziwa kale cimene afuna, njirayi ndi yabwino ndi yofulumira. Koma Salomon anaikana kwa ana, ndipo pamenepa analasa: mwana wa zaka 11 sakhoza kukonda mfundo yosalumikiza kanthu, pamene cipande cimene amai ace adzaomolera naco cakudya madzulo omwewo acisamala ndi mtima wonse.

Ku Denmark, Aksel Mikkelsen anatsegula sukulu yace ya aphunzitsi mu Copenhagen m'caka ca 1886. Iye anayamba ndi sowo m'malo mwa mpeni, napangitsa zida zazing'ono zoyenera manja a ana, naphunzitsa kalasi lonse pamodzi. Ndipo mphunzitsi wa ana 50 adzamva cifundo ndi maganizo ace, pakuti kuphunzitsa mwana aliyense payekha kufuna gulu laling'ono. Ku England, kumene Boma linabvomereza nchito ya matabwa m'sukulu za ana m'caka ca 1890, anatapa uku ndi uku. Anatenga kujambula ndi mfundo za njira ya Russia, natenga zinthu za nchito za njira ya Sweden, koma mpeni anausiya pambali, ndipo kawirikawiri ophunzitsa anali amisiri opambana mayeso a City and Guilds. Ku Boston, Gustaf Larsson, wophunzira wa ku Nääs, anayamba kuphunzitsa slöjd m'caka ca 1888 ndi thandizo la ndalama la Mai Pauline Agassiz Shaw.

Ngakhale panali mikangano yotere, Nääs ndiyo inakhala citsime. Kufikira imfa ya Salomon m'caka ca 1907, aphunzitsi oposa 5,000 a maiko ngati 40 anapitako, ndipo mwa alendo ambiri anali a ku Britain, akazi ali pakati pao. Maphunziro anali a milungu ngati 6. Tsiku lonse aphunzitsiwo anali pa benchi ali kupanga zitsanzo zomwezo zimene ana ao adzapanga, kuyambira kamtengo kolozera kaja, pakuti palibe munthu akhoza kutsogolera mwana pa njira imene iye mwini sanapitepo. Pakati pace anali kumva Salomon ali kufotokoza maganizo a nchitoyi, nthawi zina panja pansi pa mitengo, ndipo madzulo kunali nyimbo, masewera ndi magule a makolo. Cuma ca Abrahamson ndico cinali kuyendetsa zonsezi, ndipo pomwalira m'caka ca 1898 anasiya munda ndi ndalama kuti nchito isaime.

Koma njirayi inali ndi nthenda yace, ndipo mbiri yoona iyenera kuichula. Cimene Salomon anacenjeza ndico cinacitika. Ndandanda ndi yosabvuta kunyamula kuposa maganizo, kotero kuti aphunzitsi ambiri anabwerera kwao ndi zitsanzo 50 zija, naziyesa lamulo losasinthika. Ana a m'maiko akutali anapanga ziwiya za ku Sweden zimene amai ao sanadziwe nchito yace. Muyeso unasanduka mbuye, ndipo mwana analibe mpata wa kuganiza cinthu cacecace ndi kuciyesa. M'Sweden momwe, Carl Malmsten, mmisiri wochuka wa mipando, anadzudzula kuuma kumeneku, nafuna kuti ana apatsidwe ufulu wa kulenga. Pang'onopang'ono zitsanzo zinatayidwa, ndipo m'zaka za m'ma 1960 maphunziro a aphunzitsi a slöjd anacoka ku Nääs.

M'maiko a kuno nchito ya matabwa inafika ndi njira ina. A Mishoni oyamba anafuna nyumba, zitseko, mazenera ndi mabenchi a m'chalichi, ndipo panalibe sitolo yogulako. Sukulu ya Lovedale ku South Africa inali itayamba kale kuphunzitsa nchito za manja m'zaka za m'ma 1850, ndipo m'gulu loyamba la Livingstonia Mission, limene linafika ku nyanja m'caka ca 1875, munali kalipentala ndi wosula zitsulo. Pamene Dr. Robert Laws anatsegula Overtoun Institution ku Khondowe m'caka ca 1894, ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku zinali pakati pa maphunziro ace, ndipo amisiri ocokera kumeneko anagwira nchito kufikira ku Katanga ndi ku migodi ya kumwera. A Dutch Reformed Church, amene anafika ku Magwero m'caka ca 1899 nakhazikanso Madzimoyo, analimbikira nchito za manja momwemonso. Inali nchito yabwino ndi yofunika, ndipo zina mwa zitseko za amisiri aja zikali kutseguka lero. Koma colinga cace cinali ca Nääs yoyamba ija, ndico kupanga amisiri. Ndipo cotsatira cace cinali cakuti m'maganizo a anthu nchito ya mtengo inakhala ya matabwa oceka, ya zida zodula zocokera kutsidya kwa nyanja, ndi ya anyamata owerengeka a pa Mishoni yaikulu.

M'caka ca 1924 kunabwera nthumwi za Phelps-Stokes, zotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, mmodzi wa iwo ali Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast. Iwo analangiza maphunziro oyenerana ndi moyo wa kumudzi, potengera masukulu a anthu akuda a Hampton ndi Tuskegee ku America. Mwa zipatso za ulendowo munali sukulu ya Jeanes, imene pofika 1930 inali itatsegulidwa ku Mazabuka, nisamukira ku Chalimbana m'caka ca 1939, kumene aphunzitsi oyendera midzi anali kuphunzira, pakati pa zina, ukalipentala wapafupi ndi kumanga. Makolo ambiri sanakondwere. Anafunsa cifukwa cace mwana wa Mzungu apatsidwa buku, pamene wao apatsidwa khasu ndi puleni. Ndipo pokhala nchito zaluso za ku migodi zinasungidwira Azungu zaka zambiri, ndi kalaliki ndiye anali kubwera kumudzi ndi njinga, funso lao silinali lopusa. Apa ndipo pali kusiyana kwakukulu ndi maganizo a Salomon, amene anafuna slöjd kwa mwana aliyense, wa mlimi ndi wa dotolo yemwe, kotero kuti anakonza ndandanda ya zitsanzo ya masukulu apamwamba. Nchito ya manja ikapatsidwa kwa mtundu umodzi wokha isanduka cizindikiro ca kunyozedwa, ndipo aphunzitsi amene anaiyesa cilango ca wocedwa ndi wolongolola anatsiriza kuipha. Ngakhale pamene Dr. Kenneth Kaunda analamula m'caka ca 1975 kuti sukulu iriyonse ikhale ndi nchito yace yotulutsa cuma, funso lakale lija linabweranso, ngati mwana agwira nchito kuti aphunzire kapena kuti sukulu ipeze ndalama.

M'zaka zonsezi munthu amene anafanana koposa ndi atate aja a ku Sweden anatsala kunja kwa mpanda wa sukulu, ndiye wosema wa m'mudzi. Masukulu ena anaphunzitsa ndithu kusema mipini ndi kuluka mphasa, koma kawirikawiri popanda ndandanda, ndipo monga cinthu cotsekera ora. Komatu zonse zimene Salomon anazifuna pa ciyambi ziri m'mudzi momwemo. Mphunzitsi wofuna kuyamba, kaya kwa ana ace kaya kwa iye mwini madzulo a Loweruka, afunika mpeni wosapinda, mwala wonolera, nkhwangwa yaing'ono kapena kasemasema, ndi nthambi yaiwisi, pakuti mtengo wauwisi ndi wofewa pa mpeni kuposa thabwa louma. Mlombwa ndi mbawa zidikire kufikira dzanja litakhwima. Ndandanda yace ikhoza kuyamba ndi kamtengo kolozera pa bolodi, nipitirira ku mthiko, cipande, mpini wa khasu ndi kampando, ciriconse cibweretsa cobvuta cimodzi catsopano. Ndipo ayenera kuzipanga zonse ndi manja ace asanaike mpeni m'dzanja la mwana, monga anacitira aja a imvi ku Nääs.

Cimene Salomon sakadaganiza ndico cakuti mpeni wace unabweranso ndi khomo lina, losati la sukulu. Wille Sundqvist, wobadwa m'caka ca 1925 kumpoto kwa Sweden, anaphunzira kusema pakhomo pa makolo ace monga mwa mwambo wakale, naphunziranso kwa Malmsten. M'caka ca 1978 anaitanidwa kukaphunzitsa ku Country Workshops, m'mapiri a North Carolina ku America, ndipo m'caka ca 1990 buku lace la kasemedwe ka ku Sweden linatuluka m'Cingerezi. Kuyambira pamenepo kusema zipande ndi mbale za mtengo wauwisi kwafala pakati pa anthu a m'maofesi a ku America ndi ku Britain, amene alipira ndalama kuti aphunzire pa nthawi ya chuthi kugwira zida zitatu zokha: nkhwangwa yaing'ono, mpeni woongoka, ndi mpeni wokhota wokumbira mkati. Ambiri a iwo ayamba ndi mpeni wa ku Mora, dera limene lakhala likusula mipeni yotere m'mafakitale kuyambira 1891. M'Sweden mwenimweni slöjd inakhala phunziro lokakamiza m'caka ca 1955, ndipo lero anyamata ndi atsikana omwe aphunzira za mtengo, za citsulo ndi za nsalu. Nyumba za ku Nääs zikalipo m'mphepete mwa nyanja ija, ndipo m'zina mwa izo mucitikabe maphunziro a nchito za manja.